Jiki pa Nkhuku za Maliro

Soshanguve
19 Febuluwale 2023

Okondedwa Amayi,

Mwalizindikira dzanja ili? Ndi langa, Pilira wanu, palibe wandilembera. Muli bwanji ku Lizuluko? Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno ku Joni ndili bwino, azakhali a Ketty nawonso ali bwino, akuti moni wambiri.

Ndikudziwa mumadandaula kuti pa foni ndimangoti ndili bwino basi, n'kukhala chete. Si mwano, Amayi. Ndikamva mawu anu, zonse zimene ndinakonza kunena zimathawa. Koma papepala ndaona kuti zikutuluka. A Selemani, aja amanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, akuti kalata salipiritsa, ndipo pa Lizulu amaima ndithu kugula mbatatesi.

Ndayamba ntchito! Azakhali andilowetsa komwe amagwira iwo, ku Irene. Ndi khitchini yaikulu yophika zakudya za pa maukwati ndi za m'maofesi. Iwo ndi akulu a kumapoto, atha zaka khumi ndi zinayi pamenepo, moti ngakhale a madamu, eni bizinesi, sasintha ndiwo asanawafunse. Ine ndili kosenda ndi kotsuka. Timakwera matekisi awiri, azakhali amagona njira yonse, ine maso ali pawindo.

Muli filiji, Amayi, yoti munthu umalowamo ndi miyendo yako n'kudzitsekera. Ndi yaikulu kuposa kuchipinda kwanu. Tsiku loyamba ndinalowamo ndi kabulauzi kaja ka maluwa, ndinatuluka mano akuwombana, anzanga n'kumaseka kuti mMalawi wauma.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi. A madamu akuti lamulo la kuno limafuna kuti ogwira chakudya cha anthu aphunzitsidwe zaukhondo. Ndiye kuzibwera mphunzitsi Lolemba lililonse masana kwa masabata eyiti, kenako mayeso. Ukakhoza amakupatsa satifiketi. Ya dzina langa! Ya kusukulu ija inandikanika, koma iyi ayi. Azakhali anachita kalekale zimenezi, akuti ndisatenthe nazo mutu, n'kusamba m'manja basi.

Akundisunga bwino. Andipatsa matiresi angaanga m'chipinda cha mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa. Kukalipa amakalipa, mukuwadziwa, koma bambo akanakhala moyo akanasangalala kuona mmene achemwali awo akundisamalira.

Ndine mwana wanu,
Pilira


Soshanguve
5 Malichi 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Tikumva kuti kolera sinathebe kumeneko, ndiye mtima wanga uli pa inu. Ine ndili bwino kupatula kachimfine ka m'filiji.

Sukulu ija yayamba. Mphunzitsi wathu ndi Sisi Karabo, wa konkuno, wamfupi, woseketsa kwambiri. Tsiku loyamba anatipaka timafuta m'manja n'kutiuza kuti tikasambe mmene timasambira masiku onse. Ine ndinasamba ngati ndikupita kutchalitchi. Titabwerako anazimitsa magetsi n'kuyatsa katochi kake kapadera. Eish, Amayi. M'zikhadabo mwanga, pakati pa zala, chala chachikulu chonse, mbee kuwala. Anati mafutawo akuyimira majeremusi, paliponse pakuwalapo sopo sanafikepo. Abambo ena ootcha nyama, a Clever, manja awo onse amawala mpaka m'mikono. Sisi Karabo anawafunsa ngati kumpopi anapita kukasamba kapena kukangopereka moni.

Matabwa odulirapo ali ndi mitundu. Lofiira la nyama, lachikasu la nkhuku, lobiriwira la masamba, ndipo sasinthanitsa. Chozizira chizikhala pansi pa madigiri faifi, chotentha pamwamba pa sikisite. Pakati pamenepo m'pomwe majeremusi amaberekana. Chimene chandidabwitsa n'chakuti samveka fungo. Nyama ikhoza kununkhira bwinobwino koma ili ndi zoti zikakugoneke kuchipatala. Ena mwa majeremusiwo amasiya poizoni woti ngakhale uwiritse chotani sachoka. Ndinalemba zimenezi kawiri m'kope mwanga.

Ndinayankhanso funso m'kalasi, m'Chingelezi. Ndinakhoza, anzanga anawomba m'manja. Ndinabisa nkhope m'epuloni.

Tsopano za mandasi anu, musakhumudwe. A Selemani akupatsani ndowa ya chivindikiro ndi kachopanira ka chitsulo. Muzitola ndi kameneko, osati dzanja lomwelo lalandira ndalama. Ndipo jumbo ikamatirira musamauziremo mpweya kuti itseguke. Ndikudziwa msika wonse umatero, inenso ndinkatero, koma zonse za mkamwa zimalowa momwemo. Muzingoyitikita ndi zala. Madzi akumwa muziwiritsa ngakhale nkhuni zikuvuta.

Ndine,
Pilira


Soshanguve
26 Malichi 2023

Okondedwa Amayi,

Moni. Za namondwe wa ku Blantyre ndi ku Mulanje tinamva, kutchalitchi kuno anthu analira, ambiri kwawo n'komweko. Ndikuthokoza kuti inu muli bwino. Inenso ndili bwino, chimfine chinatha.

Ndinaseka pa foni paja mmene mumati azimayi a pamsika ayamba kukutchulani amake dokotala chifukwa cha kachopanira. Asiyeni, bola mukugwiritsa ntchito.

Ndakwezedwa! Osati malipiro, koma ndakwezedwabe. A madamu anaona kope langa n'kunena kuti ndimalemba zooneka. Ndiye andipatsa buku la filiji. M'mawa tikangofika ndi madzulo tisanaweruke ndimatenga kachitsulo koyezera kuzizira, ndimayeza, n'kulemba nthawi, nambala, ndi kusayina. Ndakhala ndikuyeserera kusayina kunyumba mpaka azakhali anafunsa ngati ndikutsegula banki. Kale buku limeneli ankalemba ndi azakhaliwo. Masamba akumbuyo paliponse pali folo, folo, folo, ngakhale tsiku la Khirisimasi lomwe kuntchito kunali kotseka.

Lachinayi kunabwera mayi wa zaumoyo wa ku khonsolo, osachenjeza. Anasuzumira pansi pa sinki, anatsegula mabini, anayang'ana zikhadabo zathu mmodzimmodzi ngati ku pulaimale. Kenako anafunsa kuti amasunga buku la filiji ndani. Anawerenga masamba anga onse, anandifunsa chimene ndingachite nambala ikapitirira faifi. Ndinati ndiuza abwana nthawi yomweyo ndipo ndilemba nambala yeniyeniyo. Anangogwedeza mutu n'kusayina pansi pa dzina langa. Ndakhala ndikutsegula tsamba limenelo kungoliyang'ana.

Azakhali tsopano amanditchula a inisipekitala. Akamalawa msuzi amati, "Tembenukani a inisipekitala, ndikufuna ndibwezemo supuni yomweyi." Amanena moseka. Iwo amakhulupirira mphuno yawo, akuti sinawanamizepo chibwerereni ku Joni.

Magetsi akuzima kwambiri kuno, mwina maola teni pa tsiku. Kuntchito kuli jenereta, ndiye tikupulumukira pamenepo.

Ndapeza mnzanga kutchalitchi, Falesi, wa ku Dedza. Amagwira m'nyumba ku Garsfontein. Iye amayankhula, ine ndimamvetsera, tikugwirizana.

Pilira


Garsfontein
23 Epulo 2023

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino m'thupi.

Musadabwe ndi malo amene ndalemba pamwambapo. Ndikugona kwa Falesi masiku ano. Ali ndi kachipinda kumbuyo kwa nyumba ya mabwana ake, ndimalowera pakageti kakang'ono. Kuchokera kuno kupita ku Irene n'kufupi kusiyana ndi Soshanguve, ndiye ndikumagona tulo tokwanira. Kuntchito ndikupitabe.

Kunali maliro. A Elson a ku Bembeke, aja ankagwira m'magadeni, anatisiya. Anthu anasonkhana kunyumba kwawo ku Soshanguve sabata yonse. Thupi linanyamuka Lachisanu kupita kumudzi. Mukamva tsiku la mwambo, mukapepese ngati mwendo ungalole.

Mawa ndi mayeso! Falesi wandifunsa mafunso onse a m'kope katatu, moti tsopano iyenso akudziwa kuti nkhuku yapsa ikafika madigiri sevente faifi mkati. Akuti andiperekeze akalembe nawo. Pensulo ndasongola ziwiri.

Amayi, azakhali musawayimbire kaye. Akayimba okha, mumve zonse, koma mudikirenso zanga.

Pilira


Garsfontein
7 Meyi 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndili bwino. Ndiyambe ndi zokoma: ndakhoza! Mafunso fifite, ndalakwa atatu okha. Satifiketi yabwera Lachisanu, pepala lolimba, dzina langa lili pakati ndi zilembo zikuluzikulu. Sisi Karabo anandikumbatira pamaso pa anthu. Ndayiika mu pulasitiki pansi pa matiresi a Falesi kuti isapindike.

Tsopano zinazo. Pa foni munandifunsa kuti n'zoona kodi kuti ndinathira mankhwala pa ndiwo za maliro, ine n'kungolira. N'zoona, koma imvani mmene zinayendera.

Lolemba lija, pa 17 Epulo, tinafika kuntchito n'kupeza kuti jenereta sinalire Lamulungu lonse. Nditalowa m'filiji sindinamve kuzizira kuja. Ndinayeza: fotini. Ndinayezanso pakona ina, fotini. Munali makatoni atatu a nkhuku zosaphika, ndipo palibe ankadziwa kuti zakhala choncho maola angati. Ndinalemba nambalayo m'buku n'kukaitana a madamu. Anagwira kumutu, kenako anati zonse zitayidwe, ndipo anathamangira kukagula zina.

Atangotuluka, azakhali anatsegula katoni n'kununkhiza. Anati nkhukuzo zilibe vuto lililonse, azungu amangotaya zinthu chifukwa sanagonepo ndi njala. Anati kunyumba ya maliro kwa a Elson kuli anthu oposa handiredi akudyera kabichi, ndiye nkhuku zipite m'bini? Anandiuza kuti ndiziike m'matumba akuda ngati zotaya, koma ndizisiye kumbuyo kwa mabini, a Morton, mwana wawo wamwamuna uja, adzazitenga pa galimoto.

Amayi, apa m'pomwe ndinalakwa. Ndinati chabwino. Mkati mwanga ndikukana, ndikuganiza za ana ndi agogo amene ali pa maliropo, koma pakamwa panatuluka chabwino. Munandilera kuti wamkulu akalankhula suyankha. Ndipo awa ndi azakhali, ndikudya kwawo, ndikugona kwawo. Ndinayesa kawiri kutsegula pakamwa, sizinatheke.

Ndiye nditafika kumabini ndinakumbukira zimene Sisi Karabo anatiphunzitsa, kuti chakudya chotayidwa uzichiwonongeratu kuti wina asachitole. Ndinatenga chigubu cha jiki, mankhwala aja ochapira, n'kuthira m'matumba onse atatu. Ndimaganiza kuti azakhali adzamva fungo poweruka, andikalipira, nkhani ithera pomwepo. Sindinadziwe kuti anali atayimbira kale azimayi a kumaliro kuti asagule ndiwo, iwo akubweretsa nkhuku. Sindinadziwenso kuti a Morton abwera masana ife tili m'kati. Anangonyamula matumbawo osatsegula.

Anakatsegula ndi azimayi a ku maliro, mapoto ali kale pamoto, anyezi atadula. Falesi analipo. Akuti fungo la jiki linadzaza bwalo lonse, mayi wina n'kufunsa mokweza kuti kodi a Ketty atitumizira ndiwo kapena zochapa. Ena anayamba kunong'onezana kuti amafuna kudyetsa anamfedwa za m'bini.

Titafika kunyumba madzulo amenewo azakhali sanakalipe n'komwe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Pilira, unandiyankha kuti chani m'mawa muja?" Ndinati ndinati chabwino. Anati ndiye nyumba yawo sisunga munthu amene pakamwa pake pamanena zina manja akuchita zina. Ndinalongedza.

Kuntchito timaonana tsiku lililonse. Akafuna anyezi amatuma a Clever kuti adzandiuze, ine ndili pompo. A madamu sakudziwa kanthu ndipo sindidzawauza, ntchito ya azakhali ikhoza kutha.

Mabwana a Falesi andiona. Sanakalipe, koma akuti ndikhale mpaka kutha kwa mwezi uno basi. Kupitirira apo sindikudziwa kogona. Nokha mukudziwa kuti kuno mtsikana sangangochita lendi paliponse.

Pilira


Garsfontein
21 Meyi 2023

Okondedwa Amayi,

Moni, ndikhulupirira mwendo ukupeza bwino ndi kuzizira kwayambaku. Kuno kwazizira zoopsa koma ndili bwino.

Ndachita zimene munandiuza. Dzulo titaweruka ndinagula shuga ndi masamba a tiyi n'kupita kwa azakhali ku Soshanguve. Ndinagwada pakhomo la kukhitchini, sindinalowe. Anandisiya pamenepo mpaka anamaliza kutsuka mbale zonse, ndi mapoto omwe.

Ndinapepesa chifukwa chovomera zimene sindimafuna kuchita, ndiponso chifukwa cha manyazi amene ndinawapatsa. Anandifunsa ngati ndikupepesanso chifukwa cha nkhukuzo. Amayi, ndinayang'ana pansi, koma ndinati ayi, nkhukuzo zikanadwalitsa anthu. Aka n'koyamba chibadwire kukana munthu wamkulu pamaso. Ndimadikira mbama. M'malo mwake anati, "Ehe. Ukanayankha choncho tsiku lija, bwenzi titangokangana n'kutha."

Koma sanandikhululukire pompo. Anati manyazi awo sanachitikire kukhitchini kwawo, anachitikira pagulu. Mpaka lero kutchalitchi azimayi ena akawaona amagwira mphuno moseka. Ndiye akuti Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha, azimayi akakhala pa msonkhano wawo, ndikaime kutsogolo ndifotokoze ndekha kuti anathira jiki ndani ndipo chifukwa chake n'chiyani. Ndikatero tikambirana za chipinda. Ndikalephera, ndiye kuti ndasankha ndekha.

Azimayi ake ndi oposa fote, Amayi. Ena ndi aakulu kuposa inu. Ine amene ndinathawa kwaya chifukwa anandiuza kuti ndiyambitse nyimbo. Ndawerengera masiku, Lamulungu limenelo ndi pa 28, kwa Falesi ndikutuluka pa 31.

Ndayamba kulemba zimene ndikanene. Ndafika masamba anayi. Falesi akuti ndichepetse, si ulaliki. Mundipempherere.

Shuga uja analandira.

Pilira


Garsfontein
28 Meyi 2023

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino kwambiri, koma ndikulemba mothamanga, ndiye mukhululuke zilembozi. Ndangofika kumene kuchokera kutchalitchi.

Ndayankhula, Amayi!

Amayi a tcheya a msonkhanowo atanditchula dzina ndinaima ndi mapepala anga. Nditayang'ana zilembo zonse zinasakanikirana. Wina kumbuyo anati mwanayu mumupatse madzi. Azakhali anali pa benchi yoyamba, manja atapinda, akuyang'ana kudenga. Ndiye ndinapinda mapepalawo n'kungoyamba: amene ndinathira jiki ndine, azakhali sankadziwa, iwo amafuna kuti anamfedwa adye bwino.

Nditadutsa pamenepo zinayamba kutuluka zokha. Ndinafotokoza za jenereta, za fotini, za majeremusi osamveka fungo. Kolera yavuta ku Hammanskraal, kufupi ndi Soshanguve komweko, ndiye anthu anatchera khutu kuposa mmene ndimayembekezera. Mayi uja amene anafunsa za zochapa ku maliro anaimika dzanja n'kunena kuti iye wakhala akudya nkhuku zogona kuyambira ndisanabadwe ndipo sanafe. Ndinati n'zoona amayi, koma pa maliro paja panali ana aang'ono ndi odwala shuga, ndipo thupi la a Elson likananyamuka anthu ena ali m'chipatala. Mayi wina anati akukumbukira chinkhoswe china ku Mamelodi chomwe anthu anagona pamzere wa kuchimbudzi, mkwati yemwe. Chipinda chonse chinaseka, aliyense anayamba kutchula chake.

Kenako mafunso. Mpunga wotsala usungidwe bwanji? Nyama yowuma m'filiji isungunulidwe padzuwa kapena ayi? Ndinayankha onse, limodzi lokha ndinati sindikudziwa, ndikafunsa Sisi Karabo. Akazi a malemu a Elson anabwerako kumudzi sabata yatha, analipo. Potuluka anandigwira dzanja nthawi yaitali. Amayi a tcheya akuti pa ukwati wa mwana wawo mu Ogasiti ndikaime kumapoto, ndipo aliyense wouzira mpweya m'jumbo ndimuthamangitse.

Pomaliza anafunsa azakhali ngati ali ndi mawu. Anaima pang'onopang'ono, anakonza chitenje, n'kunena kuti, "Ine ndinazinunkhiza, nkhuku zija zinalibe vuto. Mpaka ndidzafa ndikunena choncho. Koma mwanayu ndi wa mchimwene wanga, ndipo lero wayankhula ndi pakamwa pake. Amene akufuna kugwiranso mphuno agwire pano ndimuone." Palibe anagwira.

Panja azakhali sanandiyang'ane n'komwe. Anangouza a Morton kuti andiperekeze kukatenga katundu, ndipo ndisachedwe chifukwa nyemba sizisankha zokha.

Ndiye ndikulemba chikwama chili pamiyendo. Falesi akulira ngati ndikupita ku Malawi, chonsecho tionana Lamulungu. Kalatayi ndimusiyira iye, a Selemani adutsa kuno Lachiwiri. Ndisiyire pomwepa, Amayi, a Morton aliza hutala kachitatu pageti, ndipo akuti azakhali ayimba kale kufunsa ngati a inisipekitala akufuna kuwatumizira ndege.

Ndine mwana wanu,
Pilira